Ndalama Yakuda ya Apongozi Anga

Ana anga, mutu uno ndakhala ndikuuzengereza. Za ntchito yanga yoyeza katundu pa balansa mwazimva kambirimbiri, koma za ndalama yakuda ija ili m'kachitini ka malemu mayi anu sindinakuuzenipo zonse. Mwezi watha Yowasi anaitenga, naitembenuza m'manja, n'kunena kuti, "Bambo, iyi itatsukidwa ikhoza kuwala, ndipo ku Tete kuli anthu amagula zotere." Ndinamulanda mofulumira kuposa mmene munthu wa msinkhu wanga ayenera kuchitira, ndipo ndinaona kuti wadabwa. Tsiku limenelo sindinamuyankhe. Yankho lake ndi ili.

Ku Cassacatiza, nkhondo isanafike

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa kantina ya mmwenye wina, a Karimu, pafupi ndi malire. Ndinali nditangosiya shikola ya ku mishoni, ndikudziwa kuwonkhetsa ndi kuwerenga Chipwitikizi pang'ono. Anandiika pa balansa yaikulu ya pakhonde, yoyezera chimanga, mtedza, nyemba ndi sera ya njuchi. Ndinagwira pamenepo zaka ziwiri asanandilole kukhudza balansa ina, yaing'ono, imene inkakhala m'kabokosi ka nsalu yofiira. Imeneyo inali ya golide wa m'mitsinje, amene anthu ankabwera naye m'mapesi a nthenga, komanso ya ndalama zakale za siliva, amene ife tinkati parata. A Karimu ankayamba agwetsa ndalamayo pa thabwa la kauntala n'kutchera khutu. Ya siliva weniweni imalira kwa nthawi, mawu ake n'kumazilala pang'onopang'ono. Yabodza imangoti phwa. Akatero ankaiyeza. Tsiku lina ndinafuna kupukuta ndalama ina yakale ndi malaya anga, iwo n'kundigwira dzanja. "Fabiyano, yakale siipukutidwa. Kuda kumeneko ndiye zaka zake. Ndipo umve: chinthu chili ndi mitengo iwiri, wa kulemera kwake ndi wa munthu amene akuchifuna. Balansa imadziwa woyambawo wokha."

Boma litayamba kuthamangitsa amwenye ena, a Karimu anachoka ndi mabokosi awiri basi. Kantina ija, pamodzi ndi balansa zonse ziwiri, anaigula mzungu wina, Sinyoro Abiliyo. Iwo anali kale ndi kantina ina pa msewu wa ku Mualadzi, ndipo ananditumiza kumeneko.

Pa msewu wa ku Mualadzi

Apatarau atsopanowa, ndiye kuti abwana anga, sindingati anali ankhanza, sindingatinso anali achifundo. Sabata loyamba anandionetsa mmene ndingatsamizire bondo pa thumba kuti balansa iwerenge mochepa. Ndinawauza kuti ndine wa mpingo ndipo sindingathe. Anandinena mawu amene sindiwalemba pano, koma sanandichotse, chifukwa anaona msanga kuti alimi akudutsa kantina ziwiri kubwera kudzagulitsa kumene ndikuyeza ine. Anali ndi buku lalikulu lochokera kwawo, la zithunzi za ndalama zakale za maiko osiyanasiyana ndi mitengo yake. Nthawi ya dzinja, kukakhala kopanda ogula, ankandilola kuliwerenga.

Kumeneko ndi kumene ndinakwatira mayi anu, a Rozalina, n'kukakhala chikamwini kwawo. Banja lawo silinali la mpingo. Agogo anu aakazi, apongozi anga, ankathira nsembe ya ufa patsinde pa msolo, ndipo ine sindinawatsutsepo, iwonso sananditsutsepo za Sabata. Tinkapewana monga mwa mwambo: ndikawaona m'njira ndinkapatukira kutchire, ndipo mawu athu ankadzera mwa mayi anu. Koma mlamu wanga Kandido, mlongo wa mayi anu, analibe nazo zopewana. Anali wa njuchi, wa ming'oma yambiri m'mitengo ya kuphiri, ndipo akabwera ndi sera pa kantina ankayamba kufuula ali kutali. "Alamu, lero muyeze ndi dzanja la Lamulungu, osati la Lolemba." Ine ndinkati, "Sera yanuyi mwaikamo miyala ingati?" Iye n'kumati, "Iwiri yokha. Wachitatu ndausiyira chakhumi chanu."

Zaka za mu waya

Nkhondo itafika kwathu, zinthu zinayamba kusowa chimodzichimodzi. Msewu unakwiriridwa mabomba, ndipo katundu ankangobwera ndi koluna, mndandanda wa makamyau, magalimoto a katundu operekezedwa ndi asilikali, kamodzi pa sabata, nthawi zina kamodzi pa masabata atatu. Petroliyo wa nyali anatha, sabau wochapira anatha, anthu n'kubwerera ku phulusa ndi makungwa. Mchere ndiye unali nkhani. Asilikali analamula kuti banja lililonse ligule kapu imodzi yokha, poopa kuti wotsala upita kwa anyamata a kutchire omenyana ndi boma. Ine amene ndinazolowera kuyeza matumba ndinayamba kuyeza mchere ndi kapu, amayi akundiyang'ana m'manja.

Kenaka midzi yonse inasonkhanitsidwa mu aludeyamentu, mudzi waukulu wozingidwa ndi waya, pafupi ndi kantina yathu ndi msasa wa asilikali. Kumunda anthu ankapita dzuwa litatuluka n'kubwerera lisanapendeke, ndipo panali malire a kumene munthu angafike. Apongozi anasiya nkhokwe, mitengo ya mango ndi manda a makolo awo. Anabwera ndi mphika, mphasa ndi kansengwa kokulunga m'nsalu yakuda. Mwana wathu Esitere anali wakhanda nthawi imeneyo. Ming'oma ya Kandido inatsala kunja kwa malire, ndipo iye sanaleke kuiganizira.

Lolemba

Unali mwezi wa Novembala, mvula isanagwe, njuchi zitadzaza. Kandido anatuluka ndi anthu a kumunda, n'kupitirira mpaka kuphiri. Asilikali anakumana naye akukwera, ali ndi kathumba ka ufa ndi kamtolo ka mchere. Iye anati ndi kamba wake, chifukwa amafuna kugona komweko afule uchi. Iwo anati akupititsa chakudya kwa anyamata, ndipo anamugwira n'kukamutsekera kumsasa. Zoona zake sindizidziwa mpaka lero, ndipo sindinafunsepo munthu. Chimene ndikudziwa n'chakuti mcherewo ndinamupatsa ndine, wochokera pa kapu yanga.

Madzulo ake kunabwera munthu amene ankamasulira mawu kumsasa. Dzina lake ndikulidziwa koma ana ake alipo, ndiye ndilisiya. Anandiitanira kuseri kwa kantina n'kundiuza motsitsa mawu kuti kamyau ya akaidi ipita ku Tete Loweruka, ndipo maina a okwera amalembedwa Lachisanu masana. Dzina likapanda kulembedwa, munthu amakwapulidwa n'kumasulidwa. Likalembedwa, palibenso angalifufute. "Kuti la Kandido lisalembedwe, pakufunika kontu imodzi," anatero, ndiye kuti mashikudu chikwi. "Si yanga ndekha. Wolembayo ndiye adya zambiri." Tonse tinkadziwa kuti okwera kamyau imeneyo sabwerako.

Lachiwiri

M'mawa ndinagulitsa njinga yanga kwa namwino wa kumsasa. Mayi anu anagulitsa mbuzi ziwiri zimene tinaloledwa kulowa nazo mu waya, ndi nsalu yawo ya ukwati. Zonse pamodzi zinakwana mazana asanu ndi limodzi. Anatsala mazana anayi, ndipo mu aludeyamentu munalibe munthu amene akanatha kutithandiza nawo.

Masana apongozi anandiitanitsa, chinthu chimene anali asanachitepo. Anakhala kuseri kwa khoma la khitchini, atayang'ana kumbali. Ine ndinakhala pa mtondo wogona cha patali, mayi anu pakati. Anamasula kansengwa kaja n'kutulutsamo ndalama yaikulu, yodzaza chikhatho cha mwana, yakuda bii ndi utsi wa zaka zambiri. Anaipereka kwa mayi anu, iwo n'kundipatsira ndi manja awiri.

"Uwauze akamwini," anatero apongozi, "kuti ameneyu ndi Wapakavalo. Anabwera naye malume a agogo anga, pamene ankasenza minyanga kupita nayo kumadzi aakulu. Sanagulepo kanthu. Timamutulutsa pothira nsembe basi. Uwafunse, iwo amene amadziwa balansa, ngati angawombole mwana wanga."

Mayi anu anabwereza mawuwo ngakhale ndinali nditawamva. Ndinayang'ana ndalamayo. Mbali imodzi kunali munthu wovala zachitsulo, atakwera kavalo wothamanga, lupanga m'mwamba. Mbali inayo kunali mikango iwiri itagwira chishango cha chisoti chachifumu. Ngakhale inali yakuda, zonse zinkaoneka bwino, mpaka tsitsi la pakhosi pa kavalo ndi diso lake.

Ndinapita nayo ku kantina. Apatarau anali atagona tulo tawo ta masana. Ndinaigwetsa pa kauntala, ndipo inalira nthawi yaitali kuposa ndalama iliyonse imene ndinamvapo. Pa balansa yaing'ono inakwana magalamu makumi atatu ndi awiri ndi kanthu pang'ono. Kuwerengera siliva yekha, sikanapitirira mashikudu makumi asanu kapena asanu ndi limodzi. Ndiye ndinatsegula buku lija, ndikutembenuza tsamba ndi tsamba, mpaka ndinamupeza wapakavalo yemweyo m'chigawo cha dziko la Olanda. Chaka cholembedwa pa ndalamayo chinali cha zaka zoposa mazana awiri zapitazo. Bukulo linali ndi mitengo itatu: ya yofufutika, ya yooneka bwino, ndi ya yooneka bwino kwambiri. Ndinayerekeza ndi chithunzi mosamala, osafuna kudzinamiza, n'kuiika pakati. Mtengo wapakatiwo unali pafupifupi kontu imodzi ndi theka, ndipo bukulo linali lakale, kusonyeza kuti mwina unali utakwera.

Sindinamve kuti apatarau adzuka. Anaima kumbuyo kwanga, natenga ndalamayo m'mphepete ndi zala ziwiri, napita nayo pakhomo pamene panali kuwala. Anaitembenuza, n'kufunsa.

"Ya ndani?"

"Ya apongozi anga, apatarau."

"Mayi wa uja wa njuchi?" Nkhani ya mu waya sinkabisika. "Mwatsala ndi zingati?"

"Mazana anayi."

"Ndikupatsa mazana anayi. Lero, pompano."

Buku linali chitsegukire pa kauntala, chala changa chili pa mtengo. Iwo anaona kuti ndaona. Sanachite manyazi. "Buku limenelo ndi la ku Lizibowa, Fabiyano. Kuno ndi kutchire. Kuno mtengo ndi umene ulipo."

Ndinawapempha kuti ndikafunse eni ake.

Lachitatu

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndilemba monga zinalili. Ndinkadziwa kumene apatarau akanaigulitsa. Panali dotolo wina wa asilikali amene ankabwera ndi koluna, munthu wa magalasi, wofatsa, amene ankasonkhanitsa ndalama zakale. Ndinali nditamuona kawiri akugula kwa apatarau mosanenerera n'komwe. Koluna inkayembekezeka Lachinayi. Maina amalembedwa Lachisanu. Ndinawerengera kuti tsiku lilipo. Dotoloyo akagula, Kandido atuluka, mbuzi zibwerera, apongozi akhala ndi kogulira mbewu. Akapanda kubwera, mazana anayi a apatarau alipobe. Ndinaona ngati palibe chimene tingataye. Ndinapemphera, koma ndivomereze kuti ndinapemphera nditasankha kale. Ndipo pansi pa zifukwa zabwino zonsezo panali zina ziwiri zimene sindinauze munthu: ndinkafuna njinga yanga, ndipo sindinkafuna kuti Sinyoro Abiliyo andidyere masuku pamutu pa chinthu chimene ndayeza ndekha.

Tinakhalanso monga dzulo lake, apongozi kuseri kwa khoma. Ndinafotokoza mwachidule, chifukwa mkamwini sachulutsa mawu pamaso pa apongozi. Ndinati apatarau akupereka mazana anayi lero, koma mawa kubwera munthu wamkulu amene angapereke katatu kuposa pamenepo.

Mayi anu sanabwereze msanga. Anandiyang'ana. "Abambo a Esitere, mazana anayiwo si amene tikusowa?"

"Ndi amenewo."

"Nanga tikudikiranji?"

"Akutibera, amayi a Esitere. Ndaona ndi maso anga m'buku. Ndi tsiku limodzi lokha."

Kuseri kuja kunamveka mawu a apongozi, osakweza. "Uwafunse ngati anamumva mwana wanga mmene amalirira dzulo kumsasa." Mayi anu sanabwereze. Patapita nthawi apongozi anapitiriza. "Koma akamwini sananamizepo munthu pa balansa. Ife sitidziwa mabuku. Tichita zimene anena."

Ndinabweza ndalamayo kwa mayi anu. Sichinali chinthu choti mkamwini agonenso nacho usiku wina. Chinali cha mbumba yawo, ndipo apongozi ankafuna kuyamba awauza makolo ndi ufa pang'ono kuti Wapakavalo akuchoka pakhomo. Popereka ndinangoti, "Muisunge bwino." Mawu a a Karimu aja ndinali nawo mumtima zaka zonse. Sanandifike pakamwa. Chimene munthu wachidziwa kwa nthawi yaitali amayesa kuti aliyense akuchidziwa.

Lachinayi

M'mawa mayi anu anandipatsa kamtolo ka nsalu yoyera, komangidwa mfundo ziwiri. Ndinaona kuti zala zawo zatupa, chimodzi atachimanga kansanza, koma ndinali kufulumira kukatsegula kantina ndipo sindinafunse. Kamtoloko ndinakaika m'thumba la malaya osakamasula.

Koluna inafika dzuwa lili pamutu, fumbi lili koboo. Dotolo uja analowa kudzagula fodya. Ndinalimba mtima n'kumuuza m'Chipwitikizi changa chothyokathyoka kuti ndili ndi ndalama ya ku Olanda ya wapakavalo. Maso ake anasintha. Anavula chipewa, natulutsa kagalasi kake kokulitsira zinthu. Apatarau anaima kumapeto kwa kauntala, manja atapinda. Ndinamasula mfundo yoyamba, yachiwiri, n'kutambasula nsaluyo.

Ndalamayo inawala ngati kalilole. Kuda konse kunali kutachoka. Pamodzi nako panachoka diso la kavalo, tsitsi la pakhosi pake, ndi nkhope ya wokwerayo. Ponseponse panali timizere tating'onoting'ono tozungulira, ngati pansi pa poto wokwechedwa ndi mchenga.

Dotoloyo anaiyang'ana ndi kagalasi kwa kanthawi kochepa, n'kuiika pansi pang'onopang'ono. "Wachita izi ndani?" Anafunsanso, "Inali bwanji kale?" Apatarau ndiwo anayankha, kuti dzana inali yakuda, yokongola, yosakhudzidwa. Dotoloyo anapukusa mutu ngati munthu amene wafika wodwala atatsirizika kale. Anati yatsala siliva basi, ndipo iye sasonkhanitsa siliva. Ndinayesa kumuuza za Kandido. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti iye amaona odwala, za akaidi si zake. Analipira fodya wake n'kutuluka.

Ndinatembenukira kwa apatarau. "Mazana anayi aja."

"Aja anali a ndalama ina, Fabiyano. Iyi ndikaigulitsa kwa yani? Wamuona wekha wogula." Anaikankha ndi chala kubwezera kwa ine. "Makumi asanu ndi limodzi, ngati ukufuna." Ndinawagwadira, ine amene ndinali ndisanagwadirepo munthu koma Mulungu. Anandiuza kuti ndidzuke, anthu akuona. Kenaka anatsegula kabati n'kundipatsa mashikudu makumi asanu, nati ndi anga, osabweza. Ndakhala ndikuyesa kuwaweruza munthu ameneyu kwa zaka zambiri ndipo sindinamalize.

Nditafika kunyumba mayi anu anali pakhomo, Esitere ali kumsana. Anayang'ana nkhope yanga, kenaka kamtolo kali m'manja mwanga. Ndinangoti, "Sanagule." Sanafunse chifukwa. Ndikhulupirira kuti anachidziwa pomwepo, poona mmene ndinayang'anira zala zawo.

Lachisanu ndi Loweruka

Abale a mumpingo anasonkha zimene akanatha, ena makobiri, mayi wina nkhuku. Zonse pamodzi ndi zathu sizinafike ngakhale mazana asanu ndi atatu. M'mawa wa Lachisanu ndinapita nazo kwa womasulira uja, pamodzi ndi ndalama yowalayo. Anaitembenuza, naseka pang'ono mopanda chimwemwe. "Akulu, iyi ndikagula nayo chiyani? Wolembayo akufuna mapepala, ndipo akufuna okwana." Ndinamupempha kuti alandire zimene zilipo, zotsalazo ndidzapereka pa malipiro anga miyezi itatu. Analowa mkati, nakhalako nthawi, natuluka n'kundibwezera zonse m'manja. Ndinene chilungamo, sanatibere ngakhale kobiri. Anangoti, "Mukanabwera nazo zokwana, ngakhale dzana, bwenzi ali kunyumba."

Loweruka m'mawa tinaima pa waya. Anawakweza asanu ndi awiri, manja omangidwa. Kandido anali wotupa nkhope, diso limodzi lotsekeka, akutsimphina. Atakhala pansi m'kamyaumo anatifunafuna ndi diso lotsalalo mpaka anatipeza. Kwa mayi ake sananene kanthu. Anayang'ana ine n'kukweza mawu monga ankachitira pobwera ndi sera. "Alamu, uchi wanga uja musakadye nokha." Msilikali anamugunda ndi mfuti paphewa, kamyau n'kunyamuka.

Sitinamuonenso. Nkhondo itatha ndinapita ku Tete kawiri kukafunsa, koma panalibe amene ankadziwa dzina lake.

Zaka zotsatira

Apongozi anamwalira dzinja lotsatira, tikadali mu waya. Sanandinenepo mawu oipa, ngakhale kudzera mwa mwana wawo. Atatsala pang'ono kumwalira anapereka ndalamayo kwa mayi anu. Iwo anaiika m'kachitini kopanda chivundikiro n'kukapachika kudenga la khitchini, pamwamba pa moto. Kulikonse kumene tinasamukira, kachitiniko kankayamba ndiko kupachikidwa. Apatarau anachoka ndi azungu anzawo. Ine ndinapitiriza kuyeza, poyamba m'sitolo ya anthu onse, kenaka m'misika yogulira chimanga ku Nsadzo, mpaka maso anayamba kundivuta. Njinga ndinadzagula ina patapita zaka zisanu ndi zinayi.

Pa zaka zonsezo, ine ndi mayi anu sitinakambepo za sabata limenelo. Za Kandido tinkakamba, nthabwala zake, njuchi zake, ndipo Yowasi akaseka mayi anu ankati waseka ngati malume ake. Koma za Lachitatu ndi Lachinayi ayi. Ine ndinkaopa kuti ndikayamba adzayesa ndikuwaimba mlandu. Sindinadziwe kuti iwonso ankaopa zomwezo.

Anayamba ndi iwo, m'matenda awo omaliza. Anali masana, inu mutapita kumunda, ine ndikuwapatsa phala. Anakankha supuni n'kunena kuti, "Abambo a Esitere, nditsitsireni Wapakavalo." Ndinakwera pa mpando n'kumutsitsa. Anamuyang'ana pafupi ndi maso.

"Wadanso," anatero.

"Wadanso."

"Koma kavaloyu alibe diso." Kenaka anati, "Ndinakwecha ndine. Amayi anati sitingapereke kwa mlendo wamkulu chinthu chakuda ngati kunsi kwa mphika, adzatiyesa anthu auve. Ine ndinavomereza. Ndinadzuka m'mamawa, ndinatenga phulusa, mchenga ndi ndimu. Ndinkati ikawala kwambiri mtengo ukwera, mlongo wanga atuluka, inunso muwombola njinga yanu. Ndinakwecha mpaka zala kutuluka magazi. Mlongo wanga ndinamupha ndi manja angawa."

Ndinaika mbale pansi. "Amayi a Esitere, ine ndinkadziwa kuti siikwechedwa. Ndinadziwa ndisanakukwatireni n'komwe, ndipo sindinakuuzeni. Ndipo mazana anayi anali pa kauntala Lachiwiri. Munandifunsa kuti tikudikiranji. Amene anati tidikire ndine."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye zaka zonsezi inunso mumasenza?"

"Tsiku lililonse."

"Tikanagawana," anatero. "Bwenzi utapepukako."

Tinapemphera limodzi, ndalamayo ili pakati pa manja athu. Anamwalira patapita masabata awiri.

Tsono Yowasi, mwana wanga, ukafuna kudziwa mtengo wake sufunika kupita ku Tete. Ndinauyeza kale, ndipo sindinalakwitse: siliva wake ndi magalamu makumi atatu ndi awiri, ndipo wodziwa akaika kagalasi adzaona timizere pansi pa kudako n'kukupatsa za siliva yekhayo. Lachiwiri lija inali ndi mtengo wokwana kuwombola munthu, ndipo ine ndinaukana chifukwa unali wochepa kuyerekeza ndi wa m'buku. Ndalamayi si yanga, si yakonso. Ndi ya mbumba ya mayi anu, ndipo ndikadzapita idzakhala kwa Esitere, iye adzaipereka kwa mwana wake wamkazi. Mayi anu anaipachika pa utsi zaka zoposa makumi atatu kuti ibwerere mmene anaipezera. Ine mawu amene ndinalephera kunena Lachitatu lija ndikuwalemba pano, kuti pasadzakhale wonena kuti sanauzidwe: musaitsuke.